Ukalamba: mmene amauonera kumudzi ndi kuchipatala

Kwathu ku Angónia, m'dziko la Mozambique, agogo akayamba kusaona bwino timangoti "ndi ukalamba", n'kuwapatsa mdzukulu woti aziwatsogolera. Achipatala ku Ulónguè, tawuni yaikulu ya kwathuko, akayang'ana diso lomwelo nthawi zambiri amapeza ng'ala, yomwe imachoka ndi opaleshoni yaifupi, munthu n'kuyambanso kusankha nyemba m'lichero. Apa chipatala chapambana. N'chimodzimodzi kuthamanga kwa magazi: sikupweteka, koma kukapanda kuyezedwa kumagwetsa munthu ndi sitiroko.

Pa ulemu ndiye mudzi uli patsogolo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto; maliro, chinkhoswe, mlandu wa malire a munda, zonse zimadikira iwo.

Koma mudzi womwewo umandipweteka mtima agogo akayamba kuiwala. Akasochera usiku kapena kuitana anthu omwe anamwalira kalekale, ena amayamba kunong'ona za ufiti. Achipatala amati ndi dementia, matenda a ubongo. Lamulo la Mozambique la 2014 loteteza okalamba, a zaka 60 kupita m'tsogolo, limaletsa kuwazunza, komabe manong'onong'owo sanathe. Mankhwala ochiziratu kuiwalako kulibe. Agogowo amafuna munthu wowaphikira phala, wowatsekera chitseko usiku, ndipo ameneyo sangachokere kuchipatala.