Musanalowe nyumba ku England, funsani zaka za boyila

Abale anga amene mukukonzekera kubwera kuno ku England, mukamakaona nyumba ya lendi musangoyang'ana kukula kwa zipinda. Funsani kuti boyila ili ndi zaka zingati. Ndi kabokosi koyera kopachikidwa pakhoma, kawirikawiri kukhitchini, kamene kamatenthetsa madzi pogwiritsa ntchito gasi n'kuwatumiza m'mapaipi mpaka m'ma radiator, zitsulo zotenthetsera zipinda. Chisanu chikagwa, banja lonse limadalira kabokosi kameneka.

Boyila ya gasi yosamalidwa bwino imatha zaka 10 mpaka 15. Ya m'nyumba yathu inali itapitirira pamenepo, ndipo sinafe tsiku limodzi. Inayamba kulira ngati ketulo ikuwira, chifukwa madzi a ku London ali ndi laimu wambiri amene amakakamira mkati. Kenako radiator ya kuchipinda cha ana inkatentha pamwamba pokha, pansi pali zii, dzimbiri lakuda litadzadza m'munsimo. Kamuvi kosonyeza pulesha ya madzi m'boyila, kamene kamayenera kukhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar, kankangotsika. Mmisiri atabwera anati zipangizo za mtundu umenewo zayamba kusowa, ndipo tinagona masiku angapo titavala majekete tikudikira yatsopano.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kuzizira. Boyila yokalamba ikhoza kutulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, koma wakupha. Lamulo limati landilodi aziitana chaka chilichonse mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi, kuti adzayendere boyilayo, ndipo azikupatsani pepala la zimene wapeza. Kuyambira Okutobala 2022, ayeneranso kuika alamu ya mpweyawu m'chipinda chimene muli boyila. Pemphani pepalalo, musachite manyazi, ndi ufulu wanu.

 Ma heat pump, makina amagetsi otenthetsera nyumba m'malo mwa boyila amene akufala tsopano, amafika zaka 15 kapena kupitirira.

Maboyila ambiri oikidwa kuyambira 2005 ali ndi kapaipi kapulasitiki kotayira madzi panja. Kukazizira kwambiri madziwo amaundana ndipo boyila imazima yokha, ngakhale yatsopano. Musathamangire kuganiza kuti yafa. Thirani madzi ofunda pa kapaipiko, osati owira, kenako muyiyatsenso.