Munda wa mchenga kapena wa katondo?

Musanalipire munda wobwereka kuno ku Dedza, yambani mwafumbata dothi lonyowa. Lamchenga limayoyoka mukangotambasula dzanja, pomwe katondo amamatirira, chikhatho chonse psuu.

Pamchenga khasu limangolowa lokha, ndipo mtedza umazuka wonse osatsalira pansi. Vuto ndi ludzu lake. Mvula ikadula masabata awiri mu Januwale, chimanga chayamba kale kupota masamba. Ikachulukanso, feteleza wa urea amatsika ndi madzi mizu isanamudye. Popanda manyowa chaka ndi chaka, mwangotaya ndalama.

Katondo akauma amathyola msana polima, izo n'zoona, koma amasunga chinyezi ndi chonde nthawi yaitali. Ine chimanga ndimadzala pamenepo. Kumchenga kuja ndinasiyira mtedza ndi mbatata.