Koha pa malaibulale ogawana seva imodzi: mabuku ochedwa ndi zooneka m'katalogi

Koha ndi pulogalamu yaulere yoyendetsera laibulale, idayambira ku New Zealand cha m'ma 2000. Kwa malaibulale a ku Chipata, Katete ndi Petauke ofuna katalogi imodzi, ndi yoyenera ndithu. Koma pa mabuku ochedwa kubwezedwa, siigwira ntchito yokha mukangoiika.

Choyamba gwirizanani za CircControl, chimodzi mwa zosankha zimene woyang'anira amatchera mu Koha. Ndi imene imanena malamulo a nthambi iti agwire ntchito: kumene buku labwerekedwa, kwawo kwa wobwereka, kapena kwa eni buku. Mukapanda kugwirizana, mwana wa ku Katete wobwereka ku Chipata amalipitsidwa chindapusa chomwe sadauzidwe. Kenako tsegulani finesMode, chosankha chowerengetsa chindapusa, apo ayi ngakhale mutalemba K1 pa tsiku m'malamulo obwereketsa, ngongole siiwerengedwa. Ikaninso malire a chindapusa kuti chisapose mtengo wa buku, ndipo masiku a tchuthi monga 24 Okutobala alembedwe m'kalendala ya nthambi iliyonse, chosankha cha finesCalendar chiuzidwe kuwadumpha.

Pomwe pali vuto lenileni ndi makalata okumbutsa. Koha ili ndi magawo atatu, mwachitsanzo masiku 3, 14 ndi 30, ndipo pa gawo lililonse mungatseke khadi la wobwereka. Imene imakonza makalatawa ndi pulogalamu yaing'ono ya pa seva yotchedwa overdue_notices.pl, yomwe imayenda kamodzi patsiku. Ikamayenda ndi chosankha cha -t, imatola mabuku okhawo amene achedwa masiku enieniwo. Magetsi akazima nthawi imeneyo seva n'kukhala yozima, m'mawa mwake bukulo lili pa tsiku la 4, kalata yoyamba yaphonyedwa basi, ndipo palibe chenjezo lililonse pa sikirini. Kuno kumene magetsi amathimathima, ichi ndi chilema chachikulu. Ikani seva pa batire ndi sola, sunthirani nthawiyo masana, ndipo tsiku likaphonyedwa iyendetseninso ndi --date, chosankha chotchulira tsikulo. Imelo nayo iyenera kutsegulidwa kaye pa seva polemba koha-email-enable. Obwereka ambiri amayankha msanga SMS, koma imeneyo imafuna kampani yotumiza mauthenga yolipira padera.

Za katalogi n'zosavuta kwenikweni. Pulogalamu ya longoverdue.pl imasandutsa buku lochedwa kwambiri kukhala lotayika, ndipo mtengo woti ilipitse imautenga pa 952$v, malo olembapo mtengo wa buku m'katalogi, ndiye olemba mabuku asamasiye malowo opanda kanthu. Chosankha cha hidelostitems chimabisa otayikawo kuti munthu asakwere minibasi kuchoka ku Chadiza kudzafuna buku lomwe kulibe. Samalani ndi OpacHiddenItems, chosankha chobisira obwereka mabuku ena m'katalogi: lamulo limodzi limakhudza nthambi zonse, ndipo makope onse a buku akabisika, mutu wake nawonso ungasowe pofufuza. Ufulu wosintha zimenezi ukhale ndi munthu mmodzi kapena awiri m'gulu lonse.

Koha ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Yachisanu yachoka chifukwa cha makalata ophonyedwa aja.