Altezza yomangira pakhomo: mmene ilili itadutsa dzinja ndi chiperoni cha ku Thyolo

Galimoto yanga ndi Toyota Altezza RS200 ya magiya 6 osintha pamanja. Ndinaigula injini itafa kale: mwini wake anaiyendetsa madzi atatha mu rediyeta, hedi inapindika, ndiye anangoikhazika pa njerwa mpaka udzu unamera pansi pake. Ndinaiphwasula ndi kuimanganso pakhomo pano ku Bvumbwe, injini tinaitulutsa ndi tcheni buloko yomwe tinaipachika pa milimo ya bulugama. Pano yayenda dzinja lathunthu, yaona chiperoni, yaona fumbi la Okutobala, ndiye ndili nazo zonena zomwe sindikananena tsiku lomwe inalira koyamba. Chachikulu n'chakuti injini yomwe inandidyera tulo ija sinandivutitsenso. Zomwe zakhala zikundilowetsa kunsi kwa galimoto ndi zina: miyendo (mashoko, masipuling'i ndi zina zogwira matayala), mafuta ndi mpweya.

Injini yake ndi 3S-GE BEAMS ya malita 2, masilinda 4, yomwe Toyota inapanga mothandizana ndi Yamaha. Altezza inatuluka ku Japan mu 1998 ndipo anasiya kuipanga mu 2005, choncho ngakhale yaing'ono kwambiri pa zonse ndi nkhalamba ndithu. Ya giya yapamanja inkatuluka ndi mahatchi 210, koma mphamvu imeneyo imabwera singano yoonetsa kuzungulira kwa injini pa mphindi ikafika pa 7,600. Kumbukirani nambala imeneyi, chifukwa zabwino ndi zoipa za galimotoyi zagona pomwepo.

M'kati sindinasinthemo chilichonse chofuna kuonjezera mphamvu. Maring'i atsopano, mabering'i, gasiketi ya hedi, lamba wa taiming'i pamodzi ndi pampu ya madzi, ndi rediyeta ina. Hedi ndi buloko ndinapita nazo ku Blantyre kwa odziwa kupala zitsulo, poti zimenezo si za pakhonde ayi. Kumanga kwenikweni ndiko ndinachita ndekha, ndi sipanala yoyeza kulimba kwa mabawuti yomwe ndinabwereka kwa alamu anga. Mdani wamkulu pomanga injini pakhomo ndi fumbi. Ndinkagwira m'mamawa mphepo isanayambe, chitsulo chilichonse ndikachitsuka n'kuchipaka oyilo n'kuchimanga mu jumbo, ndipo buloko ndinkaifunditsa pulasitiki ngakhale ndikungopita kukadya nsima. Zotsatira zake ndikuziona pano: oyilo satsika pa ndodo yoyezera pakati pa sevisi ndi sevisi, utsi wabuluu kulibe, ndipo singano ya kutentha imakhala pamalo amodzi ngakhale nditsatire thiraki ya tiyi pa mtunda ndili mu giya yachiwiri.

Tsono kayendedwe kake. Amene amaganiza kuti akangoponda iuluka akhumudwa. Singano ikakhala pansi pa 4,000 galimotoyi ndi yaulesi, moti minibasi ya dizilo ikhoza kukusiya ponyamuka pa siteji. Imalemera makilogalamu oposa 1,300 ndipo ilibe tebo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ionjezere mphamvu. Imadzuka singano ikadutsa 5,000, apo ndiye kulira kumasintha, ndipo imakoka mosalekeza mpaka pafupi ndi mzere wofiira. Funso ndi lakuti, kuno kwathu mpata wofika pamenepo uli kuti? Msewu wa M2 wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, Thyolo boma ndi Luchenza mpaka ku Mulanje uli ndi makona okoma pakati pa minda ya tiyi, koma m'mphepete mwake ndi anthu okhaokha: ana a sukulu, akabaza, amayi osenza nthochi, njinga zonyamula makala, mbuzi. Munthu wanzeru zake sangathamange pamenepo. Chomwe ndimakondwa nacho ndi china: potsetsereka kulowa pa kona kutsitsa giya kuchoka 4 kupita 3, chiongolero n'kumvera bwinobwino, potuluka n'kuilola ikwere pang'ono. Liwiro limakhala lololedwa lomwelo koma dzanja ndi phazi zikugwira ntchito. Msewu wa Midima ndi wowongokako, koma kumeneko giya ya 6 ndi yaifupi, injini imangolira pamwamba ndipo pofika pa Nkando makutu amakhala atatopa.

Nkhani ya petulo ndiyo yandiphunzitsa zambiri. Injiniyi imapanikiza mafuta kwambiri, 11.5 kwa 1, ndipo kwawo ku Japan inapangidwira petulo wapamwamba. Ife pa pampu timapeza wa mtundu umodzi, wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe. Imayenda naye, chifukwa ili ndi sensa yomva kugogoda ndipo kompyuta imabweza moto pang'ono, koma masana a Okutobala umachita kumva kuti mphamvu yachepa poyerekeza ndi m'mawa wa mu Juni. Ndinaphunzira kusaikakamiza kukwera mtunda mu giya yaikulu singano ili pansi. Ndi pomwe imalira ngati wina akugwedeza misomali m'chitini. Ukatsitsa giya, zii. Mapaipi akale a labala a mafuta ndinawasintha onse, poti ethanol sagwirizana ndi labala wokalamba. Mafuta atasowa kumapeto kwa 2024 ndinathirapo wa m'zigubu, ndipo pasanapite nthawi inayamba kutsamwa pokwera. Pampu yake ili m'thanki momwemo, umaifikira utachotsa mpando wakumbuyo. Nditaitulutsa, kasefa kake kanali bii, kodzaza tinyenyeswa tofiirira, ndipo mafuta omwe ndinatunga pansi pa thanki nditawathira mu botolo, madzi anakhala pansi chala chimodzi. Kuyambira pamenepo mafuta akasowa, Altezza imagona. Kamwedwe kake ndikaiyendetsa mwaulemu ndimapeza makilomita 9 kapena 10 pa lita, ndikaisangalatsa amatsika kufika 7. Thanki ndi ya malita 60, werengerani nokha.

Miyendo ndiyo yadya ndalama zambiri kuposa injini. Inabwera ili ndi masipuling'i odula, yotsika mpaka chibakera sichinkalowa pakati pa tayala ndi bodi, ndi marimu a mainchesi 18. Pa chithunzi imaoneka bwino. Pa mahampu a pa Bvumbwe ndi Luchenza inkakhula mimba ngakhale uidutsitse chammbali, ndipo njira yolowera kwathu mvula ikakokolola inali yosadutsika. Ndinaikamo mashoko osintha msinkhu n'kuikweza kufika pafupi ndi mmene inatulukira ku fakitale, marimu ndinatsikira pa 16 ndi matayala a 205/55. Anyamata a pa siteji anati ndaipha, yasanduka ya abusa. Koma chiikireni matayala amenewa palibe rimu yomwe yapindika, pomwe a 18 aja awiri anali kale ndi zigamba zowotcherera. Pansi pa sampu, beseni la oyilo la kunsi kwa injini, ndinawotchereretsa chitsulo chotchinga, ndipo mikwingwirima yomwe ili pa chitsulocho lero ikanakhala pa sampu.

Eni ake a Altezza, mabolojointi apansi a kutsogolo muziwayang'ana. Ndi malo odziwika kuti amatha pa galimotozi, ndipo akaduka tayala limagona pomwepo. Ine ndimaikweza pa jeke sevisi iliyonse n'kugwedeza tayala ndi manja awiri. Otchipa omwe ndinayamba nawo anayamba kuseweretsa mvula isanathe. Ndinagula enieni, mpaka lero ali nga.

Chiperoni chikabwera m'pamene umakumbuka kuti galimotoyi imakoka ndi matayala akumbuyo. Mvula yowaza ija siitsuka msewu, imangonyowetsa dothi lofiira lomwe mathirakitala a m'maesiteti amatulutsira pa phula, ndipo pamwamba pamakhala poterera kuposa nthawi ya mvula yamphamvu. Ukaponda msanga potuluka pa kona, kumbuyo kumafuna kutsogola. Matayala abwino ndimaika kumbuyo, a kaunjika ayi. Nyali za chifunga ndinazilumikizanso, chifukwa cha ku Satemwa nkhungu imatha kutsika moti wa njinga umamuona wafika kale pamphuno.

Zokongoletsa ziwiri zomwe anthu amathamangira ndinathana nazo. Sefa ya mpweya yapoyera ija, yooneka ngati bowa, inkayamwa mpweya wotentha wa pa injini ndipo fumbi linkadutsa n'kudetsa sensa yoyeza mpweya, galimoto n'kumagwedezeka ikaima. Ndinasaka bokosi lake lenileni, vuto linatha. Ekizozi yaphokoso nayo ndinaiika sailensa yapakati. Kumudzi kuno umadutsa pa maliro, pa tchalitchi, umanyamuka mbandakucha ana a eni ake ali mtulo. Mayi a kunyumba ananenetsa kuti sakweramo ngati ipitiriza kulira choncho, ndipo sananame.

Masipeyala ndi nkhani ya kuleza mtima. Za miyendo, mabuleki ndi magalasi zambiri zimafanana ndi za Lexus IS200 ndi Altezza AS200, ndiye ku Limbe kapena ku Ndirande ukafufuza umapeza. Koma injini za zimenezo ndi 1G-FE ya masilinda 6, yosiyana kotheratu. Ukangoti "ndikufuna cha Altezza" akupatsa cha injini imeneyo, choncho ndimanyamula chakale m'manja pokagula. Za BEAMS zenizeni ndimaitanitsa kunja n'kudikira, ndipo chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mtengo wake umachita kuuwerenga kawiri. N'chifukwa chake sindingalangize munthu kuti iyi ikhale galimoto yake yokhayo. Tsiku lomwe mwana wadwala usiku sungamadikire koyilo yochokera ku Japan.

Ndingaimangenso? Eya, koma ndingayambire pansi: miyendo, mabuleki, thanki ndi mapaipi a mafuta, injini pambuyo. Zatsala ndi ziwiri. Giya yachiwiri imakanirira m'mawa kukazizira, ndiyamba ndasintha oyilo wa mu giyabokosi ndione ngati isiya ndisanaganize zoitsitsa. Komanso mabushi a difu, bokosi lopereka mphamvu ku matayala akumbuyo, ayamba kumveka "gu" ndikasiya kilatchi mofulumira. Atsopano afika kale, ndikungodikira pansi paume kuti jeke isamire m'matope.