Benchi yoyesera ma controller a sola: ntchito ndi yabwino tsopano, koma inatiyalutsa kaye

Ndikunena za injiniya uja wa ku Lilongwe amene amapangira anthu makina oyesera zipangizo pa mapulogalamu a pakompyuta otchedwa LabVIEW ndi TestStand. Dzina sinditchula. Amisiri anzanga a ku Luwinga mukumudziwa, ndipo mtengo wake mukudziwa kuti si wamasewera. Ife tinamulipira kuti atikonzere benchi yoyesera ma charge controller, zipangizo zoyang'anira moto wa sola wolowa mu batire, tisanawagulitse.

Poyamba zinkayenda myaa. Kulumikiza controller, kudina batani, pakompyuta Passed wobiriwira. Kenako kunabwera amayi ena a ku Ekwendeni, batire yawo itatheratu moto, controller anagula kwa ife. Posakhalitsa bambo wina wa ku Nkhata Bay, dandaulo lomwelo. Ndinatenga controller ya amayiwo n'kuiyesanso. Passed. Ndinazula waya wa serial kumbuyo kwa mita, n'kuugwira m'manja anyamata akuona, ndikudinanso batani. Passed! Thukuta linandituluka ngakhale kunja kunali chifunga. Ndiye kuti masiku onse amene waya uja unkakhwepa, tinkagulitsa katundu wosayesedwa.

Mu LabVIEW uthenga wa cholakwika umayenda pa waya wakewake wongojambula mu pulogalamu, wonyamula status, code ndi source. Wayawo ukafika pa error out, TestStand imaulandira mu Step.Result.Error n'kuimitsa mayeso. Mkuluyu sanaulumikize pa VI, kutanthauza kapulogalamu ka LabVIEW, yowerenga mita. Anadalira automatic error handling, kabokosi kochenjeza za cholakwika kamene kamatulukira kokha wayawo ukasiyidwa lende. Pa laputopu yake kankatulukadi, poti ali ndi LabVIEW yathunthu. Kompyuta yathu ili ndi Run-Time Engine yokha, yongoyendetsera pulogalamu yopangidwa kale, ndipo kumeneko kabokosiko sikatuluka. Choncho mita ikapanda kuyankha, pulogalamu inkangolemba ziro. Tsono poyesa moto umene controller imadya ikangokhala, ziro ndiye kukhoza kwenikweni. Munthu wodya ndalama zonse zija sangalephere kudziwa zimenezi.

Nditamuimbira anayamba ndi zoti "achimwene, mwina anyamata anuwo agwiragwira." Mawu amenewa amandiwawabe, chifukwa anyamata omwewo ndi amene ankalalatiridwa ndi makasitomala pakhomo.

Komabe chilungamo ndinene. Anakwera basi yausiku, Loweruka m'mawa anali pa shopu, ndipo sanalipiritse. Analumikiza waya wa error kuyambira VI yoyamba mpaka yomaliza, anaika malire apansi kuti ziro asamadutse, ndipo kuzimitsa power supply anakusamutsira mu Cleanup, gawo lomaliza la mayeso, kuti kuzichitika ngakhale mayeso afere panjira. Titazulanso waya wa mita uja, TestStand inaima pompo n'kuonetsa -1073807339, kutanthauza kuti VISA, pulogalamu yolankhulana ndi mita, yadikira mpaka nthawi yatha. Anakhalanso pansi ndi anyamata kuwaonetsa kawerengedwe ka lipoti. Ntchito amaidziwa, chimene chinamuonongera ndi phuma.

Ngati mukumupatsa ntchito, musamalize kulipira musanazule waya wa mita pa kompyuta yanu, osati yake, iye ali pomwepo. Batire ya amayi a ku Ekwendeni tinagula ndi ndalama za m'thumba mwathu, ndipo za imeneyo mpaka lero sananenepo kanthu.