Panther's Rage: ndinagulira mwana, koma amene walimaliza ndine

Buku la Black Panther Epic Collection: Panther's Rage ndinaligula chifukwa cha mwana wanga wamwamuna wa zaka 13. Filimu ya Black Panther ya 2018 waionera kambirimbiri, moti mawu ena amawatchula wosewerayo asanatsegule pakamwa. Ndinati bwanji aone kumene nkhaniyi inachokera, mwina n'kuyamba kukonda kuwerenga m'malo mongokhalira foni. Ndinaitanitsa pa intaneti kwa munthu wina wogulitsa mabuku akale kuno ku Johannesburg. Linafika ngodya ya chikuto itapindika, chonsecho iye analemba kuti lili ngati latsopano. Zinandiwawa, poti ndalama yake si yamasewera, koma masamba onse analipo.

Ndi buku lochindikala, masamba pafupifupi 400, onse amitundumitundu. Limayamba ndi makomiki awiri a Fantastic Four, nambala 52 ndi 53, a 1966, momwe Stan Lee ndi Jack Kirby anamuonetsa koyamba T'Challa, Black Panther mwiniwake, mfumu ya dziko lopeka la mu Africa lotchedwa Wakanda. Amenewo mungawamalize tiyi asanazizire. Nyama yeniyeni ili m'makomiki a Jungle Action nambala 6 mpaka 18, nkhani ya Panther's Rage imene Don McGregor analemba kuyambira 1973 mpaka 1975. Ojambula anali Rich Buckler, Gil Kane pang'ono, kenako Billy Graham. Ameneyu si mlaliki uja ayi, anali wojambula wakuda wa ku America, ndipo masamba ake ndi amene ndimabwererako kawirikawiri.

Mwana wanga anafika tsamba la makumi angapo n'kubwera nalo kwa ine. "Adadi, Shuri mulibe muno." Zoona, mchemwali wa T'Challa ameneyu mulibe. Okoye ndi gulu lake la Dora Milaje, asilikali aakazi oteteza mfumu, mulibenso, chifukwa amenewo analengedwa mochedwa, m'nkhani za Christopher Priest za mu 1998, ndipo Shuri anabwera mu 2005. Amene akugula bukuli poganiza kuti apezamo filimu ija yaikidwa papepala adziwiretu zimenezi. Chimene filimu inatengamo mooneka ndi Erik Killmonger, mdani wa T'Challa, yemwe anaonekera koyamba mu Jungle Action nambala 6, komanso nkhondo ya pamathithi a Warrior Falls pomwe amamuponya T'Challa m'madzi. Koma m'bukumu Killmonger si mwana wa bambo ake aang'ono a T'Challa ngati mufilimu. Ndi Mwakanda wamba, dzina lake N'Jadaka, amene anachotsedwa kwawo nthawi ya chipwirikiti cha Klaw, chigawenga chimene chinaukira Wakanda, n'kukakulira ku America, ndipo amayenda ndi kambuku weniweni. W'Kabi, mmodzi wa akuluakulu a chitetezo a mfumu, naye ndi wosiyana. Mufilimu amapandukira mfumu, m'bukumu amaikalipira pamaso koma saisiya.

Mwanayo analisiya patebulo. Ndinalitenga usiku wina nditaweruka kuntchito, ndipo ndinapeza nkhani imene sindinaiyembekezere m'buku la munthu wovala ngati nyalugwe wakuda.

T'Challa wa muno ndi mfumu yochokera kutali. Wakhala nthawi yaitali ku America akumenya nkhondo limodzi ndi gulu la ngwazi la Avengers, ndipo pobwera akupeza kumudzi kwayaka moto. Chinthu choyamba chimene akumana nacho ndi nkhalamba imene anyamata a Killmonger akuizunza. Aipulumutsa, koma mochedwa, ndipo ifera m'manja mwake. Anthu ake sakumuombera m'manja. Funso lili pankhope zawo ndi limodzi: munali kuti? Wabweranso ndi chibwenzi, Monica Lynne, woimba wa ku America, ndipo kunyumba yachifumu samufuna ngakhale ali wakuda ngati iwo, mpaka kumunamizira mlandu wakupha.

Ndakhala kuno zaka zambiri. Ndalama ndimatumiza, foni ndimaimba, koma ndikafika kwathu pa Khirisimasi pali kayang'anidwe kena ka amalume, kaulemu ndithu, kokuuza kuti maliro awiri adutsa iwe kulibe ndipo denga linagwa iwe kulibe. McGregor, mzungu wa ku America wolemba za dziko lopeka, anakagwira kayang'anidwe kameneko. Filimu ija imafunsa ngati Wakanda iyenera kutsegula zitseko zake kuthandiza akuda a kunja. Bukuli limafunsa zina, zoti kodi amene anachoka angabwerere n'kungokhala pampando wake ngati sanachokepo. Funso lachiwirili ndi limene landisowetsa tulo.

Chinanso chimene filimu inalibe nthawi yochita ndi kutsikira kwa anthu wamba. Mu Wakanda wa mufilimu timaona kwambiri masitima othamanga ndi malabu a vibranium, chitsulo chopeka chimene chinalemeretsa dzikolo. M'bukumu muli minda, muli alimi. Muli mnyamata wamng'ono dzina lake Kantu amene bambo ake, mlimi, akuphedwa pankhondo yosawakhudza, ndipo nkhani siimuiwala mwanayo. Sindiulula zimene amachita kumapeto, koma nditafika patsambalo ndinatseka buku n'kukhala duu kwa kanthawi. Muli banja la W'Kabi likuphwasuka pang'onopang'ono chifukwa bambo sakhala pakhomo. Ndipo T'Challa amavulala zenizeni. Pafupifupi mutu uliwonse chovala chake chimathera chili sanza, magazi ali chuchuchu, iye akukwawa. Billy Graham amajambula thupi lotopa mwakuti umamva kuwawa m'nthiti mwako.

Zofooka zilipo ndipo sindizibisa. McGregor amalemba mawu ochuluka kwambiri. Pali masamba amene mabokosi a mawu amatsala pang'ono kuphimba zithunzi, Chingelezi chake n'cholemera, cha ndakatulo, ndipo mwana wa pulayimale sangachithe yekha. Africa wake nayenso ndi wa m'maganizo a ku America a zaka za m'ma 1970. Muli chigwa cha madainaso, anyani oyera akuluakulu a kumapiri a chisanu, adani a mayina ngati Baron Macabre ndi King Cadaver, ndi anthu ambiri oyenda ndi mikondo atavala zikopa. Apa filimu inachita bwino kuposa buku. Anthu ake amalankhula Chixhosa chenicheni, chimene John Kani, wosewera T'Chaka, bambo ake a T'Challa, anabweretsa, ndipo zovala zake anazitenga kwa Abasotho, Amasai ndi mitundu ina yeniyeni. Pakati pa akuluakulu a bwalo la mfumu panakhalanso malemu Connie Chiume, amene bambo ake anali a ku Usisya ku Nkhata Bay. Nthawi iliyonse akaoneka ndimamuuza mwana wanga kuti aone mayi akwathu. Kunyada kwa mtundu umenewo bukuli silingakupatseni.

Koma pali chimene bukuli linachita pa nthawi yake chimene sindichipeputsa. Mu Panther's Rage pafupifupi aliyense ndi wakuda: mfumu, adani, alangizi, amayi, ana. Mzungu woonekera ndi mmodzi, Venomm, munthu wa Killmonger woweta njoka, ndipo sabwera ngati mpulumutsi wa Wakanda. Ubwenzi wake ndi Taku, mlangizi wofatsa wa mfumu amene amamuchezera m'ndende, ndi gawo lina lokoma kwambiri m'nkhani yonse.

Gawo lomaliza, nambala 19 mpaka 24, limamutengera T'Challa ku Georgia, ku America, kwawo kwa Monica, kukalimbana ndi Ku Klux Klan, gulu la azungu odana ndi anthu akuda. Limayamba mwamphamvu, koma Jungle Action inathetsedwa mu 1976 nkhaniyo ili pakati, ndiye bukuli limakusiyani m'malere. Muwerenge mukudziwa zimenezo.

Ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Kwa mwana wosakwana zaka 15 amene akungofuna za mufilimu, yambani mwamupezera makomiki atsopano a Shuri. Kwa wamkulu wodziwa Chingelezi bwino, makamaka amene ali kutali ndi kwawo, ligulidwe. Ife tsopano tikuwerenga limodzi Lamlungu masana, mutu umodzi pa sabata, ine ndikumasulira mabokosi ovutawo m'Chichewa. Sabata yatha tili pa nkhalamba ija, anandidula mawu n'kufunsa kuti agogo ake tidzakawaona liti.