Dzina likakhala lilipo kale mu group: KeyError, ValueError kapena error yakoyako?

Amene mukupanga ka library kosunga data m'magulu ngati mafoda, funso ili likupezani basi: munthu walemba g["mvula"] = x pomwe dzinalo lilipo kale, library itani?

Dict ya Python imangofufuta zakale mwakachetechete n'kuikapo zatsopano. Pa dict palibe nkhani, koma kuno pansi pa dzina limodzi pakhoza kukhala ma group ena ambirimbiri ndi ma dataset awo, ndiye ukangobwereza dzina mwangozi zonsezo zapita, umadzazindikira tsiku lomwe ukuzifuna. h5py, library ya Python yowerengera ndi kulembera mafayilo a data a mtundu wa HDF5, imakana. Ukaitana create_group pa dzina lomwe lilipo imakuponyera ValueError, ukafuna zoti "ngati ilipo ndipatse yomweyo" pali require_group, ndipo require_dataset imaponya TypeError shape ikasiyana. Zarr, library ina yosunga data m'magulu chonchi, nayo pa create_group imakana koma inasiya khomo, overwrite=True, komanso ili ndi ma error akeake, ContainsGroupError ndi ContainsArrayError, dzina lokha lakuuza kale chomwe wagunda.

Ena amati tingoponya KeyError poti nkhani ndi ya key. Ine ayi ndithu. Ku Python KeyError imatanthauza kuti chinthu kulibe, get ndi setdefault za mu collections.abc zimadalira zimenezo, ndiye taganizani munthu walemba try yowerenga ndi kulemba pamodzi, pansi except KeyError yoti "kulibe, panga chatsopano", code yake ilowa mmenemo pomwe chinthucho chilipo, ayeserenso kupanga, error ina, asowe pogwira. Komanso uthenga wa KeyError umatuluka ndi ma quote chifukwa imagwiritsa repr, ukakhala wautali sumaoneka bwino olo pang'ono.

ValueError ndiyabwinoko koma ndi thumba lalikulu, dtype yolakwika imagwera momwemo, dzina losaloledwa momwemo, mapeto ake anthu amayamba kusaka mawu mkati mwa uthenga kuti adziwe chavuta nchani, tsiku lomwe mwasintha mawuwo code yawo yafa. FileExistsError, yomwe inabwera ndi Python 3.3, imakhala bwino pa fayilo yeniyeni, pa group kapena dataset ya mkati mwa fayilo imasocheretsa poti ndi mwana wa OSError, munthu aziganiza kuti disk ndiyo yavuta.

Ine ndimapanga class yanga yochokera ku ValueError, wofuna kugwira iyo yokha agwire, yemwe analemba kale except ValueError naye sasweka. KeyError ndimaisiyira zosowa zokha. Kufufuta kuzichitika pokhapokha munthu walemba yekha overwrite=True.

Pa fayilo yonse ndi chimodzimodzi, poitsegula mode ya "w" imasesa zonse osafunsa pomwe "x" kapena "w-" imakana fayilo ikakhalapo. h5py 3.0 ya 2020 inasintha mode ya default kukhala "r", yongowerenga. Ndipo musaiwale, mu HDF5 kupanga del kenako kulemba zatsopano sikuchepetsa fayilo, malo aja amabwerera mukaidutsitsa pa h5repack, pulogalamu yokopera fayiloyo mwatsopano.